Ulalo wa pa Mosi-oa-Tunya ndi Alendo Ake

Mtsinje wa Zambezi, utayenda mtunda wautali kuchokera ku magwero ake, umafika pa malo pamene nthaka idang'ambika, ndipo madzi ake onse amagwera m'phompho lakuya mapazi 355. Kutambalala kwa mathithiwo kupitirira mailosi imodzi. Akololo adawatcha Mosi-oa-Tunya, ndiko kunena kuti utsi wogunda, pakuti nthunzi yake imakwera kumwamba monga utsi wa moto wa kutchire, nioneka kutali ndithu. Eni ake a malowo ndiwo Aleya a Mfumu Mukuni ndi anansi ao, amene ankapembedza mizimu ya makolo pa zisumbu za pamenepo kuyambira kale lomwe. David Livingstone adafikapo pa 16 November 1855 m'bwato la anthu a Mfumu Sekeletu, napatsa mathithiwo dzina la Mfumukazi Victoria ya ku Britain. Kuyambira pamenepo mbiri yao idawanda kutsidya kwa nyanja, ndipo anthu adayamba kulakalaka kudzaona ndi maso ao.

Wofuna kumvetsa nkhani iyi ayambe wadziwa makhalidwe a malowo. Mtsinjewu ndiwo malire: kumpoto kuli Zambia, dziko limene kale linkatchedwa Northern Rhodesia, ndipo kumwera kuli Zimbabwe, limene linali Southern Rhodesia. Madzi amagwa pa khoma la kumpoto la phompho, ndipo munthu wofuna kuwaona bwino ayenera kuima pa khoma linalo, moyang'anana nao. Tsono gawo lalikulu la khoma loimapolo liri tsidya la kumwera. Kuonjezera apo, m'miyezi ya October ndi November, pamene madzi aphwera, mbali ya Zambia imatsala miyala yokhayokha, mbali inayo ikali kugunda. Koma mzinda, masitolo, chipatala, nyumba yosungiramo zinthu zakale ndi bwalo la ndege zinali tsidya la kumpoto, ku Livingstone, mailosi 7 kuchokera pa mathithi. Motero tsidya lina linali ndi chooneka, lina linali ndi mudzi, ndipo panalibe limene likadakhoza kusamala mlendo pa lokha.

Chimene chidalumikiza mbali ziwirizo ndi ulalo. Njanji yochokera ku Bulawayo idafika pa mathithi m'chaka cha 1904, ndipo chaka chomwecho padatsegulidwa hotela ya Victoria Falls, imene poyamba inali nyumba ya matabwa ndi malata. Cecil Rhodes adafuna kuti ulalo umangidwe pafupi ndi mathithi kuti nthunzi izigwera pa sitima zodutsa, ngakhale iye mwini adamwalira mu 1902 asanaone malowo. Zitsulo zake zidasulidwa ku Darlington, m'dziko la England, ndipo ulalowo, wotalika mapazi 650 ndi wolenjekeka mapazi ngati 420 pamwamba pa madzi, udatsegulidwa pa 12 September 1905. Patapita zaka 25 adauikira njira ya magalimoto.

Kwa zaka pafupifupi 60 malirewo ankadziwika pa mapu pokha. Maiko onse awiri anali pansi pa mbendera ya Britain, kotero kuti mlendo ankagona kumwera, m'mawa nkuoloka kukagula zinthu ku Livingstone, masana nkubwerera kudzadya. Mzinda wa Livingstone unali likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 kufikira 1935, ndipo pamene Boma lidasamukira ku Lusaka, mzindawo udatsamira pa njanji, pa matabwa ndi pa alendo. Mfumu George VI ndi banja lake adagona m'hotela ya Victoria Falls mu 1947. Chaka chotsatira ndege zotera pa madzi zidayamba kuima pa Zambezi pa ulendo wochokera ku England kunka ku South Africa, ndipo mu May 1952 ndege ya Comet, yoyamba mwa ndege za jeti kunyamula anthu olipira, idatera pa bwalo la Livingstone pa ulendo wake wochokera ku London kunka ku Johannesburg. Ameneyo anali masiku a ulemerero wa mzindawo.

Sikuyenera kuiwalika kuti alendo a masiku amenewo anali Azungu. Munthu wakuda ankalowa m'hotela ngati kuki, woperekera zakudya kapena wochapa, ndipo ena nchito yao inali kukankha tingolo ta pa njanji timene tinkanyamula alendo kuchokera ku hotela kunka ku mathithi. Pakati pa anchitowo panali machona ambiri a ku Nyasaland ndi a ku Fort Jameson, abale a iwo amene ankakumba malasha ku Wankie. Aleya, amene adasunthidwa pa malo ao ena, adaphunzira kusema ziboliboli za njobvu ndi mvuu, nayamba kuzigulitsa m'mbali mwa mseu. Phindu lalikulu silinali lao, komabe ndalama ya msonkho, ya sukulu ndi ya mchere inkachokera m'thumba la mlendo. Anthu amenewa ndiwo ayenera kukumbukiridwa pomva zimene zidatsata, pakuti eni mahotela anali ndi kothawira, koma iwo analibe.

Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chidayamba mu 1953, chidatha pa 31 December 1963, ndipo msonkhano wogawa katundu wake udachitikira m'hotela yomweyo ya Victoria Falls. Zambia idalandira ufulu pa 24 October 1964. Pa 11 November 1965 Ian Smith adalengeza kuti Azungu a ku Rhodesia adzilamulira okha popanda chilolezo cha Britain. Pamenepo mtsinje udasanduka malire enieni, pakati pa dziko lolamulidwa ndi anthu akuda ndi dziko lolamulidwa ndi Azungu owerengeka. Ku nsonga zonse ziwiri za ulalo kudaikidwa zipata, ndipo munthu amene kale ankaoloka chimanjamanja adayamba kufunsidwa chiphaso.

Chodabwitsa nchakuti woyamba kupindula ndi chidanicho anali Rhodesia. Poona kuti sangadalirenso Livingstone, a boma la Smith adamanga bwalo lao la ndege tsidya la kumwera, ndipo amalonda adamanga mahotela atsopano ndi nyumba ya juga. Kamudzi ka anchito a njanji kadakula nikasanduka tauni. Maiko ambiri adakana kuchita malonda ndi Rhodesia, koma Azungu a ku South Africa sadasamale zimenezo, nabwera ambirimbiri ndi magalimoto ao. M'chaka cha 1972 alendo olowa m'dzikomo adapitirira 300,000. Tsidya linalo zinthu zidayenda mosiyana. Mafuta a galimoto, amene kale ankadzera ku Rhodesia, adasowa, ndipo Boma lidayamba kuwagawa mwa muyeso. Ndege zazikulu zidayamba kutera pa bwalo latsopano la ku Lusaka. Alendo a ku South Africa sankalowa m'Zambia mosabvuta. Boma la Kenneth Kaunda lidayesa ndithu: lidamanga hotela yaikulu pafupi ndi mathithi, lidaika kaulalo ka oyenda pansi kuti anthu azifika pa thanthwe loyang'anana ndi madzi, ndiponso lidaika mafakitale ku Livingstone, monga ija yolumikiza magalimoto a Fiat. Koma mlendo amene adazolowera kuona mbali zonse ziwiri tsiku limodzi adayenera tsopano kusankha imodzi, ndipo ambiri adasankha kumene madzi aoneka bwino.

Nkhondo idayamba kununkha mu August 1967, pamene ankhondo a ZAPU pamodzi ndi a ANC ya ku South Africa adaoloka Zambezi pafupi ndi mathithi, nakamenyana ndi asilikali a Rhodesia m'nkhalango ya Wankie. Kenaka padakhala bata la zaka zingapo, koma kumapeto kwa 1972 nkhondo idabuka mwamphamvu kumpoto chakum'mawa kwa Rhodesia. Pa 9 January 1973 Smith adatseka malire, poganiza kuti Zambia, imene inkatumiza mkuwa wake kudzera pa ulalowu, idzagwada ndi kuthamangitsa omenyera ufulu. Pasanathe mwezi adatsegulanso, koma Kaunda adati iai, mbali yake ikhala chitsekere. Idakhaladi chotero zaka zoposa zisanu. Katundu wa dziko la Zaire yekha ndiye ankadutsabe, ndipo kadutsidwe kake kanali kochititsa manyazi: mutu wa sitima wa mbali imodzi unkakankhira mabogi pakati pa ulalo nkubwerera, kenaka mutu wa mbali inayo unkabwera kudzawakoka, kuti woyendetsa sitima asaponde dziko la adani.

Pa 15 May 1973 padachitika chinthu chimene chidaononga mbiri ya malowo koposa kutseka kwa malire. Alendo anai ankayenda m'phompho kunsi kwa mathithi, tsidya la Rhodesia, moyang'anana ndi nyumba yopangira magetsi ya Zambia. Zipolopolo zidachokera tsidya la kumpoto. Atsikana awiri a ku Canada adaphedwa, ndipo mwamuna wina wa ku America adavulazidwa. Boma la Zambia lidati mlonda wake adawayesa adani odzaononga makina a magetsi. A ku Rhodesia adati kumeneko kunali kupha dala anthu osalakwa. Msilikali amene wakhala miyezi akuuzidwa kuti mdani adzabwera kuchokera tsidya lija aona mdani mwa aliyense woyenda pa miyala, koma zimenezo sizidatonthoze makolo a anawo. Nkhaniyo idalembedwa m'manyuzipepala a maiko ambiri. Munthu wa ku Toronto kapena ku Frankfurt, amene ali kusankha kokapumulira, safunsa kuti mfuti inali tsidya liti. Akangomva dzina la mathithi ndi mau akuti imfa m'nkhani imodzi, basi, ulendo wapita kwina, ndipo mbali zonse ziwiri zataya. Akulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mlendo wodzaona malo aposa mame, pakuti iye akamuka asanagwe nkomwe.

Ulalowo udaonanso chachilendo pa 25 August 1975. John Vorster wa ku South Africa ndi Kaunda, anthu amene sankayembekezeka kugwirana chanza, adagwirizana kuti Smith akambirane ndi atsogoleri a anthu akuda, ndiwo Abel Muzorewa, Joshua Nkomo, Ndabaningi Sithole ndi anzao. Popeza ena mwa iwo akadamangidwa akadaponda m'Rhodesia, ndipo Smith sadafune kukambirana kunja kwa dziko lake, adaimika bogi loyera la sitima ya South Africa pakati penipeni pa ulalo. Smith ndi anthu ake adakhala mbali ya tebulo imene inali m'Rhodesia, enawo mbali imene inali m'Zambia. Msonkhanowo sudathe tsiku. Udagwa pa nkhani yakuti atsogoleri okhala kunja aloledwe kubwerera kwao osamangidwa, chimene Smith adakana. Bogi lidachotsedwa, ulalo nukhalanso wa asilikali okha.

Zaka zinai zotsatira zinali zowawitsa. Asilikali a Rhodesia adazinga tauni ya Victoria Falls ndi waya, nakwirira mabomba m'nthaka kuchokera pa mathithi kutsata mtsinje mpaka ku Mlibizi, mtunda woposa mailosi 130. Mabombawo sadasankhe: adapha njobvu, njati, ng'ombe ndi anthu a m'midzi, ndipo adapitiriza kupha nkhondo itatha kale. Pa mseu wa ku Bulawayo magalimoto ankayenda pa mdipiti, galimoto ya mfuti patsogolo ndi ina pambuyo. Mu November 1977 mzinga woombera ndege, wochokera tsidya la Zambia, udagwera pa denga la udzu la hotela ya Elephant Hills, imene inali itangomangidwa kumene, ndipo hotelayo idapsya. Pa 3 September 1978 ankhondo a Nkomo adagwetsa ndege ya Air Rhodesia yotchedwa Hunyani, imene idachokera ku Victoria Falls niima pa Kariba pa ulendo wa ku Salisbury. Mwa anthu 56, okwana 38 adafera m'ndegemo, 10 adaomberedwa atapulumuka, ndipo 8 okha ndiwo adatsala ndi moyo. Pa 12 February 1979 ndege ina, Umniati, idagwetsedwa momwemo, ndipo onse 59 adafa. Ambiri mwa iwo anali anthu ochokera kokapumula. Chaka chimenecho alendo olowa m'dzikomo sadakwane 100,000. Mahotela ena adatsekedwa, anchito nauzidwa kuti apite kwao, ngakhale ambiri, makamaka machona, kwao kunali kutsidya kwa malire otsekedwa.

Ku Zambia nako kunalibe mtendere. Ndege ndi asilikali a Rhodesia ankalowa m'dzikomo kukaphulitsa misasa ya omenyera ufulu ndi maulalo, ndipo mu April 1979 adamiza pantoni ya pa Kazungula, imene inali njira yolowera ku Botswana. M'dziko lotere mlendo wonyamula kamera aoneka ngati kazitape, ndipo kujambula ulalo kunali mlandu. M'miseu munali zipata za asilikali. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, m'masitolo mudasowa sopo, mafuta ophikira ndi zina zotere, kotero kuti ngakhale mlendo wolimba mtima akadafika, kunalibe zambiri zomulandira nazo. Osema a kwa Mukuni ankakhala tsiku lonse pambali pa ziboliboli zao osagulitsa ngakhale chimodzi. Mu October 1978 Kaunda adatsegula njanji ya kumwera, osati chifukwa cha alendo, koma chifukwa feteleza wa alimi adalibe podzera ndipo mvula inali pafupi.

Pangano la ku Lancaster House la December 1979 lidathetsa nkhondo, ndipo Zimbabwe idalandira ufulu pa 18 April 1980. Zipata zidatsegulidwa. Mu 1981 anthu a ku America adayesa kutsika m'phompho ndi mabwato a mphira kuyambira tsidya la Zambia, nayambitsa masewera amene pambuyo pake adakopa anyamata ndi atsikana a maiko ambiri. Koma mantha satha tsiku limene mfuti zaleka kulira. Mu July 1982 zigawenga zidagwira alendo 6 pa mseu wa pakati pa Victoria Falls ndi Bulawayo, awiri a ku America, awiri a ku Britain ndi awiri a ku Australia. Onsewo adaphedwa, ndipo mafupa ao adapezeka mu 1985. Kuyambira 1983 asilikali a boma adapha anthu zikwizikwi m'dera la Matabeleland, m'mene mseuwo udutsa, ndipo dera lidakhala losakhazikika kufikira Robert Mugabe ndi Nkomo adagwirizana mu December 1987. Motero padapita zaka pafupifupi 10 chithere nkhondo kuti alendo abwerere monga kale.

Atabwerera, adabwerera kumwera. Mu 1989 bungwe la UNESCO lidalemba mathithiwo m'kaundula wa malo a mtengo wapatali a dziko lonse lapansi, m'dzina la maiko onse awiri, koma ndalama sizidagawike chotero. Hotela ya Elephant Hills idamangidwanso, mahotela ena naonjezeka, ndipo madzulo alendo ankaonerera magule a Makishi ndi a Nyau, obvinidwa ndi anthu amene makolo ao adabwera kudzagwira nchito kuchokera kumpoto. Ku Livingstone mafakitale adatsekedwa pamene Boma lidaleka kuwateteza m'zaka za m'ma 1990, ndipo mzindawo udasauka. Mlendo ankaoloka m'mawa, nkujambula zithunzi, nkubwerera kukagona ndi kukadya ku Zimbabwe.

Chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe. M'chaka cha 2000 kulanda kwa minda ya Azungu kudayamba m'Zimbabwe, ndipo boma la Mugabe lidadana ndi Britain, America ndi maiko a ku Ulaya. Maikowo adachenjeza anthu ao za kuopsya kwa ulendo wa ku Zimbabwe. Pa mathithi panalibe nkhondo, ndipo minda yolandidwayo inali kutali, koma alendo adathawa chimodzimodzi monga adathawira mizinga. Apa mpamene paoneka kuti chimene chithamangitsa mlendo sichipolopolo chokha ai, koma mbiri ya dziko m'makutu a anthu akutali. Ulendo uno anali ndi kothawira pafupi. Mu 2001 kampani ya Sun International idatsegula mahotela awiri akulu tsidya la Zambia, Royal Livingstone ndi Zambezi Sun, pa malo pamene panali hotela ija ya Boma. Bwalo la ndege la Livingstone lidakuzidwa, ndipo ndege zochokera ku Johannesburg zidayamba kudzaza. Amene ankaoloka ulalo tsopano anali anthu a ku Zimbabwe, ena kukagulitsa ziboliboli, ena kukagula ufa. Ndalama ya dziko lao itatha mphamvu, boma lidasindikiza mu January 2009 pepala la madola 100 trillion, limene kumbuyo kwake kunali chithunzi cha mathithi omwewa. Pepalalo lidaleka msanga kugula kanthu m'sitolo, koma anyamata adaligulitsa kwa alendo pa ulalo ngati chikumbutso.

M'zaka zomwezo asilikali a Zimbabwe adamaliza kufukula mabomba a m'mbali mwa mtsinje, patapita zaka zoposa 20 chiwakwirire. Mu August 2013 maiko awiriwo adalandira pamodzi msonkhano waukulu wa bungwe la United Nations loona za maulendo, ndipo nthumwi zinkaoloka ulalo uku ndi uku. Kumapeto kwa 2014 adayambitsa chilolezo chimodzi, cha madola 50 a ku America, cholowera m'maiko onse awiri, kotero kuti mlendo adakhozanso kuona mbali ziwiri tsiku limodzi, monga ankachitira agogo ake Chitaganya chisanathe. Pakati pa ulalo, pafupi ndi pamene padaima bogi loyera lija, padamangidwa nsanja m'zaka za m'ma 1990. Pamenepo alendo amalipira ndalama kuti awamange chingwe cha mphira ku miyendo, nadziponya m'phompho mapazi oposa 360, anthu a mbali zonse ziwiri ali kuonerera.